Dzino Likawola Mpaka Kumuzu: Tizule Kapena Tilisunge?

Dzino lobowoka limayamba mwaulemu. Limangotsina pang'ono munthu akamwa madzi ozizira kapena akaluma chotsekemera, kenako n'kukhala chete. Pakapita miyezi limasintha khalidwe. Tiyi wotentha amaliutsa, ululu sutha msanga, ndipo usiku munthu akangotsamira pilo limayamba kugunda motsatana ndi mtima. Pofika pamenepa kumata kwachedwa. Dokotala wa mano amatsala ndi njira ziwiri: kulizula, kapena kuliboola pamwamba, kuchotsa zamkati zonse, kutsuka mizu yake mpaka kunsonga n'kulitseka, chithandizo chimene kuchipatala amati root canal. Odwala amagawikana pa nkhaniyi, madokotala nawonso sanena chimodzi. Ine ndili nako kumene ndimapendekera, koma ozula ali ndi mfundo zolemera kuposa mmene okonda kusunga mano amavomerezera.

Onsewa mdani wawo ndi mmodzi. Kunja kwa dzino kuli chikutu choyera, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewerapo, ndipo pakati penipeni pali kachipinda kokhala ndi mnofu wanthete, mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomva ululu. Kuchokera m'kachipindamo mumatsika tinjira topyapyala, kamodzi kapena kuposerapo pa muzu uliwonse. Mabakiteriya a m'kamwa amadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikutu chija pang'onopang'ono mpaka bowo lifike m'kachipinda. Mnofu ukatupa umasowa kofutukukira poti wazingidwa ndi makoma olimba, n'chifukwa chake ululu wa dzino umaliritsa ndi madoda omwe. Kenako mnofuwo umafa. Ululu umaleka, mwini dzino n'kumauza anzake kuti lapola lokha. Chikomekome cha mkuyu. M'katimo tsopano simufikanso magazi, choncho asilikali a m'thupi sangalowemo, amoxicillin womeza sangalowemonso. Mabakiteriya amaswana mwamtendere n'kutulukira pansonga ya muzu, kumene amayamba kudya fupa la nsagwada ndi kupanga mafinya.

Zoti vuto lonse ndi mabakiteriya zinaoneka bwino mu 1965, pamene wofufuza Kakehashi ndi anzake awiri ku America anaboola mano a makoswe a magulu awiri. Makoswe wamba mano awo anafa n'kuchita mafinya. Makoswe oleredwa m'malo opanda kachilombo n'kamodzi komwe mabala a m'mano awo anapola, ngakhale zakudya zinkalowa m'mabowomo. Choncho mkangano wonse uli pa funso ili: tigwetse nyumba kuti tizilombo tisowe pokhala, kapena tiisese n'kuitseka?

Kusesako ndi ntchito ya manja odekha. Dokotala amayamba wajambula X-ray kuti aone kutalika ndi kupindika kwa mizu, n'kubaya jakisoni wa dzanzi. Kenako amavindikira kamwa ndi kansalu ka labala kotulutsa dzino lokhalo limene akugwira, kuti malovu asalowemo komanso wodwala asameze kachitsulo. Kansaluka si kadzulodzulo: Sanford Barnum anakayambitsa ku New York mu 1864. Akaboola pamwamba amafufuza polowera tinjira tija. Dzino lakutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi kanjira kamodzi kowongoka, pomwe lakumbuyo lam'mwamba lili ndi mizu itatu ndipo kawirikawiri tinjira tinayi, kachinayiko kobisika mwakuti ena amakaphonya. M'tinjiramo amalowetsa tizitsulo tonga singano, kupala makoma, kutsuka, kupalanso, kutsukanso. Mankhwala otsukirawo ndi sodium hypochlorite, yemweyo ali mu Jik, ndipo fungo lake wodwala amalizindikira ndithu. Ngati muli mafinya amaikamo calcium hydroxide n'kumata mongoyembekezera kuti wodwala abwerenso pakapita sabata imodzi kapena masabata awiri. Ulendo womaliza tinjirato timadzazidwa ndi timitengo tapinki ta gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo. Dzino lakumbuyo limafunikanso chisoti cholivindikira lonse, chotchedwa crown, poti latsala chigoba ndipo likhoza kung'aluka.

Osunga mano amayamba ndi mfundo yakuti dzino silikhala palokha. Lililonse limatsamira anzake a m'mbali ndipo limakumana ndi linzake la nsagwada inayo. Ukazula limodzi, lakumbuyo kwake limapendekera m'gweru, limene linkakumana nalo limatalika poti lasowa chogunda, ndipo mipata yatsopano imayamba kusunga zakudya. Fupa limene linkagwira muzu limaphwa. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2003 anapeza kuti m'chaka chimodzi m'lifupi mwake mumachepa pafupifupi ndi theka. Munthu amasamutsira kutafuna konse mbali imodzi, mano a kumeneko n'kusenza katundu wa mbali ziwiri. Nsima imapita ndi gweru lomwe, inde, koma chimanga chootcha, mtedza, nzimbe ndi kanyenya zimafuna mano.

Pa za ndalama amati kuzula n'kotchipa tsiku lozulalo lokha. Wofuna kutseka gweru pambuyo pake adzasankha pakati pa mano ovula ndi kuvala, mano omata otsamira anzake awiri amoyo amene amayamba apalidwa, kapena chitsulo cha titanium chomangirira m'fupa, luso limene Per-Ingvar Brånemark anayamba kuligwiritsa ntchito pa anthu ku Sweden mu 1965. Chomalizachi mtengo wake umaposa wa root canal ndi crown kuphatikiza. Ndipo chitsulo sichimva. Dzino lachibadwa, ngakhale lochotsedwa mtsempha wamkati, limakhalabe ndi timinyewa tolilumikiza ku fupa, timene timauza ubongo msanga kuti mu mpunga muli kamwala. Manambala alinso nawo. Mu 2004 Salehrabi ndi Rotstein anatsata mano oposa 1.4 miliyoni amene anachitidwa root canal ku America, ndipo patapita zaka 8, mano 97 mwa 100 alionse anali adakali m'kamwa mwa eni ake. Palinso odwala amene kuzula n'kowopsa kwa iwo: amene magazi awo sagwirana msanga, ndi amene anawotchedwapo khansa ya m'kamwa kapena pakhosi ndi makina, poti fupa lawo la nsagwada limavuta kupola. Nanga mtsikana wa zaka 19 amene dzino lake lakutsogolo lafa atagwa pa njinga? Kumuuza kuti lizulidwe n'kumusinthira nkhope, katchulidwe ka mawu ndi kaseka komwe.

Ozula amamvetsera zonsezi n'kufunsa modekha: manambala mwatchulawo ndi a kuti? Ndi a anthu a ku America okhala ndi inshuwalansi ya mano. Komanso kutsala m'kamwa si kuchira. Ofufuza akajambula anthu wamba m'maiko osiyanasiyana amapeza kuti pa mano atatu alionse ochitidwa root canal, loposa limodzi limakhalabe ndi mthunzi wa matenda pansonga ya muzu, makamaka chifukwa ntchitoyo sinagwiridwe mokwanira. Kanjira kamodzi kakaphonyedwa, kachitsulo kakathyokera m'kati, kapena chomata chapamwamba chikayamba kudontha, mabakiteriya amabwerera. Wodwala amalipira kachiwiri kuti atsukenso, mwina kachitatu kuti azule dzino lomwe lija. Kuzula kulibe zokayikitsa zotere. Kuli mavuto ake, monga bala louma limene limapweteka kwa masiku angapo magazi oundana akachoka pabowo, koma gwero la matenda limatuluka lonse m'mphindi zochepa, munthu n'kuliona ndi maso ake m'mbale yachitsulo.

Mfundo yawo yolemera kwambiri ndi ya malo amene wodwalayo akukhala. Root canal imafuna X-ray yogwira ntchito, magetsi osazima pakati pa ntchito, tizitsulo tatsopano, mankhwala, ndi labu yopanga crown. Kuzula kumafuna jakisoni, mbano zophikidwa bwino ndi thonje. Ku Malawi, pamene sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala a mano inkatsegulidwa mu 2019, madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, kusamalira anthu oposa 17 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda. M'zipatala za m'maboma ntchito yambiri imagwiridwa ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, amene m'mawa uliwonse amapeza mzere wa anthu ogwira masaya pakhonde. Ola limodzi ndi theka limene dzino limodzi lakumbuyo lingadye, anthu angapo akhoza kuzulidwa n'kupita kwawo kukagona tulo. Kodi chilungamo n'kupulumutsa dzino la mmodzi ena asanu n'kubwezedwa? Ndipo mayi amene wayenda theka la tsiku pa minibasi, atagulitsa nkhuku kuti apeze ya thiransipoti, tikamuuza kuti abwerenso kawiri, tikudziwa tonse kuti sabwera. Ululu ukaleka ulendo woyamba, ndalama yotsalayo ipita ku feteleza. Adzatsala ndi dzino lotsegulidwa, lomatidwa mongoyembekezera, limene pakapita miyezi lidzaphwanyika n'kuvuta kuzula kuposa poyamba.

Amakananso zoti gweru lililonse ndi tsoka. Mu 1981 Arnd Käyser wa ku Nijmegen, ku Netherlands, anaonetsa kuti munthu wokhala ndi mano onse akutsogolo ndi ang'onoang'ono otsatira, pafupifupi 20 okumana bwino, amatafuna mokwanira ngakhale akumbuyo atatha. Bungwe la WHO mu 1992 linaika mano achibadwa 20 ogwira ntchito ngati cholinga cha moyo wonse wa munthu, osati 32. Pa ana zimadabwitsa kwambiri. Dzino lalikulu lakumbuyo loyamba limamera mwana ali ndi zaka 6, makolo n'kumaliyesa lamkaka limene lidzagweluka, ndipo limawola msanga. Likawonongekeratu mwana ali ndi zaka pakati pa 8 ndi 10, madokotala ambiri amasankha kulizula dala, chifukwa lotsatira lake, limene limamera cha m'ma 12, limatha kusendera n'kutseka malowo. Apa wozula ndiye woona patali.

Pali mfundo ina imene imamveka kumbali ya ozula imene ine sindiilandira, ndipo ozula anzeru saifuna n'komwe: yakuti dzino lochotsedwa mtsempha ndi mtembo wothira poizoni m'thupi, woyambitsa khansa, nyamakazi ndi matenda a mtima. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1910 dokotala wa ku Britain, William Hunter, polankhula ku McGill University ku Montreal, anadzudzula madokotala a mano kuti ankavindikira mano owola ndi golide, matenda n'kumafalikira m'thupi. Pa ntchito yosasamala ya nthawi imeneyo sankanama kwenikweni. Koma Weston Price wa ku Cleveland anapitirira: ankatenga mano ozulidwa kwa odwala n'kuwasokerera pansi pa chikopa cha akalulu, akaluluwo akadwala n'kunena kuti umboni ndi umenewo. Mabuku ake a mu 1923 anathandiza kufalitsa chizolowezi chozula mano kwa aliyense wodandaula msana, mutu kapena mawondo. Ku chipatala cha odwala misala cha Trenton ku New Jersey, Henry Cotton ankazula odwala ake mano pofuna kuchiza misala. Ofufuza ena atabwereza mayeso a Price mosamala sanapeze zimene iye ananena, ndipo mu 1938 Cecil ndi Angevine anatsata odwala nyamakazi 200 n'kupeza kuti kuchotsa mano ndi ziwalo zina zoganiziridwa sikunawathandize. Chiphunzitsocho chinafa m'sukulu za udokotala, koma pa intaneti chimadzuka nthawi ndi nthawi. Filimu yotchedwa Root Cause inachidzutsanso mpaka Netflix inaichotsa mu 2019 mabungwe a madokotala a mano atadandaula, ndipo tizidutswa ta nkhani zotere timayendabe pa WhatsApp. Choona m'nkhaniyi n'chochepa koma chofunika: amene ali ndi vuto la mavavu a mtima auze dokotala wa mano asanamugwire, poti mabakiteriya a m'kamwa amatha kulowa m'magazi. Koma kuzula kumalowetsa mabakiteriya ambiri m'magazi kuposa root canal, choncho mfundoyi siithandiza mbali imene imaitchula.

Tsono ine ndaima pati? Ndimapendekera kosunga, koma mwa malire amene kafukufuku wa mu 2004 uja anaonetsa yekha. Pa mano ochepa amene anadzazulidwa ngakhale anachitidwa root canal, 85 mwa 100 alionse analibe crown. Nyumba inasesedwa bwino koma inasiyidwa yopanda denga. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani: chithandizochi chimapambana kuzula chikamalizidwa, ndipo chikasiyidwa panjira chimagonja kwa kuzula kutalitali. Amene amatsatsa root canal n'kutchula mtengo wa kutsuka kokha, wa crown n'kudzautulutsa wodwala atalowa kale m'madzi, akulakwira odwala awo kuposa wozula wachangu. Nawonso amene amazula dzino lakutsogolo la wachinyamata, la muzu umodzi wowongoka, losavuta kutsuka ndipo nthawi zambiri longofuna kumata bwino pamwamba, osamuuza n'komwe kuti kuchipatala cha Kamuzu Central, cha Queen Elizabeth kapena kwina likanatheka kupulumutsidwa, amulanda chisankho chimene chinali chake. Ambiri mwa anthu athu sanasankhe kuzula. Anangouzidwa kuti tsegulani pakamwa.

Pali mano amene sindingawalimbanire. Long'aluka motsika mpaka kumuzu silipola, lichite kutsukidwa chotani. Lowola mpaka pansi pa nkhama lilibe pogwira crown. Logwedera chifukwa fupa lolizungulira latha ndi matenda a nkhama vuto lake lili kunja, osati m'kati. Lakumapeto kwenikweni, limene limamera munthu atakula, kawirikawiri silisiya gweru lovutitsa. Otsalawo, makamaka akutsogolo ndi lalikulu lakumbuyo loyamba la munthu wachikulire amene mano ake ena ali bwino, ndi oyenera kuwayendera maulendo atatu ngati thumba ndi mtunda zikulola.

Pamene osunga ndi ozula akutsutsana, anthu ambiri amatenga njira yachitatu imene onse awiri amaikana: kugula amoxicillin ndi Flagyl, kumwa masiku awiri, kuika aspirin pabowo (amene amangowotcha nkhama), n'kudikira. Chotupa chimaphwa, mwezi wamawa n'kubweranso. Tsiku lina sichiphwa. Mafinya a dzino lakumbuyo lam'munsi amatha kufalikira pansi pa lilime ndi m'khosi mpaka kutseka mpweya, ndipo a lam'mwamba amatha kukwera kudiso ngakhale kuubongo. Izi sizichitikira maiko osauka okha: mu 2007 mnyamata wa zaka 12, Deamonte Driver wa ku Maryland ku America, anamwalira matenda a dzino atafika kuubongo. Kutupa pansi pa chibwano, kulephera kuyasamula kapena kumeza, ndi kutentha thupi ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, usiku womwewo. Amayi oyembekezera nawonso asamabwezedwe ndi mawu akuti dikirani muchire kaye. Jakisoni wa dzanzi wa mano ndi wololedwa kwa iwo, mafinya ndiwo owopsa.

Ozula akanena za kusowa kwa zipangizo ndi anthu amanena zoona za lero, koma zinthu zikusuntha. Sukulu ija ya mu 2019, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences ndipo inayamba mothandizana ndi University of Glasgow, ikutulutsa madokotala ophunzirira kwathu konkuno, ndipo mu 2022 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Mano ambiri amene timakanganirawa sakanafika n'komwe pamenepa akanamatidwa bowo likadali laling'ono. Njira yomata popanda magetsi, yopala chowola ndi tizitsulo ta m'manja n'kumata ndi glass ionomer, anaiyambitsa Jo Frencken ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 n'kukaiyesanso ku Zimbabwe, ndipo mu 2021 WHO inaika chomatira chimenechi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'chipatala chilichonse. Palinso njira yapakati imene ikutchuka, yochotsa mnofu wotupa wa m'kachipinda mokha n'kusiya wa m'mizu uli moyo, imene imatenga nthawi yochepa ndipo sifuna kulondola tinjira tobisika tija.

Koma wodwala amene wakhala kale pampando lero, tsaya litatupa, sangadikire zimenezo. Afunse dokotala mosachita manyazi: dzinoli latsala ndi khoma lokwanira kugwira crown? Maulendo akhala angati? Mtengo mwatchulawu ukuphatikiza crown kapena ndi wa kutsuka kokha? Likakanika, tidzatani? Ndipo amene akudziwa mumtima mwake kuti ulendo wachitatu sadzaukwanitsa anene tsiku loyamba lomwelo, dokotala asanayatse makina oboolera.